Kukapalasa njinga ku Livingstonia: Gorode n'ngokwereka, koma osati tsiku lililonse

Wowerenga wathu wina watilembera motere: "Ndine bambo wa zaka 47, ndimakhala ku Lilongwe. Chaka chatha ndinagula njinga ya gravel (yopangidwira misewu yafumbi) yakaunjika, ndipo Loweruka lililonse ndimapalasa makilomita 50 kapena 60 m'misewu yafumbi ya cha ku Bunda ndi ku Malingunde. Ine ndi mlamu wanga tikufuna kukakhala masiku asanu ku Livingstonia pa tchuthi cha tsiku la anakubala mu Okutobala. Tikuganiza zoti tizigona pamwamba, m'mawa n'kumatsikira kunyanja kukazungulira kuchigwa, madzulo n'kumakweranso. Anzathu ena akutiopseza kuti msewu wa Gorode si wa njinga. Matayala anga ndi a mamilimita 38, giya yakutsogolo ili ndi mano 40, yaikulu yakumbuyo ili ndi 42. Ndimamwanso mankhwala a BP. Kodi ulendowu n'ngotheka? Nanga tidutse njira ziti?"

Achimwene, mtima pansi. Ulendowu n'ngotheka ndithu, ndipo munthu amene amatha makilomita 60 pafumbi la ku Malingunde sabata ndi sabata, miyendo ali nayo. Gorode, msewu wokwera phiri kuchokera kunyanja pa Chitimba kupita ku Livingstonia, anthu amakwera pa njinga, ena atapachika zikwama zolemera kuposa zimene inu mudzanyamule. Amene akukuopsezaniwo mwina anadutsapo atakhala pamwamba pa katundu kumbuyo kwa matola, maso ali kuphompho, ndiye sindingawanene kuti ndi amantha. Koma pa dongosolo lanuli pali ziwiri zimene sindikugwirizana nazo: mwezi umene mwasankha, ndi maganizo otsika ndi kukwera phirilo tsiku ndi tsiku.

Tiyambe taona mmene dzikolo lakhalira. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Livingstonia, kapena kuti Khondowe, ali pa mamita oposa 1,200. Kuchokera pamphambano ya pa Chitimba pa msewu wa M1 kukafika pamwamba ndi makilomita 15 okha, mwina kuposerapo pang'ono. Ndiye kuti pa kamtunda kamene ku Lilongwe mumamaliza thukuta lisanayambe n'kutuluka komwe, kuno mukwera mamita oposa 700. Amishoni a ku Scotland sanakwere phirili pofuna malo okongola ayi. Anayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuwasautsa. Anasamukira ku Bandawe mu 1881, nakonso manda anachuluka. Mu 1894 Dr Robert Laws anakakhazikitsa mishoni pa Khondowe, pamene pamawomba kamphepo kozizira ndipo udzudzu n'ngochepa. Kusiyana kumeneko kudakalipo mpaka lero. Kumunsi n'kotentha, kwamchenga, kwa mpunga ndi chinangwa. Kumtunda n'kwa khofi ndi nthochi, kovala juzi dzuwa likangolowa. Mukamagona kumtunda n'kumakasewera kumunsi, ndiye kuti chitunda chachikulu chizikupezani masana kapena madzulo, mutatopa kale, dzuwa litawotcha kale miyala. Tsiku loyamba mupirira. Lachiwiri mukwera njinga yamoto, yanuyo itamangidwa kumbuyo.

Gorodeyo ndi msewu wakale, wolambulidwa ndi manja m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Makona ake akuthwa alipo 20, ndipo ambiri amene anakwerapo amakumbukira kuwerenga makonawo kuposa kuona nyanja. Pansi pake si pofanana. Pena ndi miyala yosakhazikika yoti tayala likaponda imagubuduka, pena thanthwe lenileni, pena ngalande zimene madzi a mvula anakumba, ndipo m'malo ena oipitsitsa anathiramo konkire. Chitunda chake mukachiyeza chonse sichoimirira kwambiri, chifukwa amene anaulambula anaukhotetsakhotetsa dala. Vuto lili m'makona. Mkati mwa kona ndi mmene mumakhala moimirira ndi mokumbika, choncho ngati kutsogolo kukuoneka bwino ndipo simukumva injini, tsatani mbali yakunja imene ili yotambalala. Khalani pachishalo. Mukaimirira pamapedulo, tayala lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kungozungulira pamiyala, ndipo mukangoima pakati pa chitunda chotero, kuyambanso kupalasa n'kovuta. Makutu akhale tcheru, osavala zomvetsera nyimbo: msewuwu n'ngopapatiza, ndipo galimoto ya matola ikatenga liwiro lokwerera kona siifuna kuima. Mukaimva, pezani potambalala, tsikani, idutse.

Munthu wa mphamvu ngati zanu ayembekezere maola awiri kapena atatu, kuphatikizapo kupuma. Gawo lovuta ndi la m'munsi ndi pakati, pamene pali makonawo. Mukatulukira pamwamba pa phompho, cha ku Manchewe, msewu umayamba kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono pakati pa minda ndi nyumba mpaka kukalowa m'tauni. M'gawo la makonalo musayembekezere golosale kapena mjigo. Madzi onse munyamulire pa Chitimba. Ndipo kutsika n'kukankha njinga mamita 50 pamalo oipa si manyazi. Ine ndimauza aliyense kuti bondo lopulumuka pa Gorode lidzagwira ntchito mawa lake.

Za magiya anu. Mano 40 kutsogolo ndi 42 kumbuyo zikutanthauza kuti mukazunguza mapedulo kamodzi, tayala nalo limazungulira pafupifupi kamodzi. Ku Bunda giya imeneyi mwina simuigwiritsa n'komwe ntchito. Pa Gorode mudzakhala mmenemo ola lathunthu, chala chikufufuzabe giya ina yofewa imene kulibe. Popanda katundu mukhoza kukwera nayo. Ndi katundu, mawondo adzadandaula. Njira yotsika mtengo ndi kusintha giya yakutsogolo n'kuikapo ya mano 36 kapena 34. Mudzataya liwiro pang'ono patala, koma ku Livingstonia simukupita kukapikisana ndi munthu. Mukasintha, mmisiri aonenso kutalika kwa tcheni. Ngati giya yotero siyikupezeka, musadandaule: zikwama zikwere pa matola kapena pa njinga yamoto, inu mukwere ndi madzi, pampu ndi zokonzera basi.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kukwera, ndi kutsika. Pokwera munthu amatopa, akatopa amaima, nkhani yathera pomwepo. Potsika, njinga imafuna kuthamanga yokha, manja amachita dzanzi chifukwa chofinya mabuleki nthawi yaitali pamiyala, ndipo kona imakufikirani mwadzidzidzi kuseri kwa thanthwe, kunja kwake kuli phompho lopanda chotchinga. Ovulala ambiri amene ndawaonapo m'misewu yamtunduwu anagwa potsika, ndipo kawirikawiri chakumapeto, pamene munthu wayamba kudzikhulupirira. Gwirani handulo chakumunsi kuti zala zifike bwino pamabuleki, thupi libwerere m'mbuyo pang'ono, zigongono zikhale zomasuka. Liwiro lichepetsedwe musanalowe m'kona, osati muli kale mkati, chifukwa kufinya buleki yakutsogolo njinga itapendekeka pamiyala yosakhazikika ndiko kugwa kumene. Musakokere mabuleki mosalekeza. Finyani, siyani, finyaninso. Mukatsika makona anayi kapena asanu, imani, tambasulani zala, mabuleki azizire. Ngati anu ndi a disc, ogwira chitsulo chozungulira cha pakati pa tayala, musakhudze chitsulocho ndi dzanja mukangoima, chimawotcha. Ngati ndi ogwira palimu, kutentha kukhoza kuphulitsa chubu, ndiye kupumako n'kofunika koposa. Helimeti ndi magolovesi sindikambapo zambiri, munthu wa zaka 47 safunika kuuzidwa.

Ndiye masiku asanuwo ndingawagawe chonchi. Galimoto isiyeni pamalo ogona alendo m'mbali mwa nyanja pa Chitimba. Masiku awiri oyamba mugone kumunsiko, muzipalasa kuchigwa m'mamawa, masana n'kumapuma pamthunzi. Tsiku lachitatu mudzuke kusanache, muyambe Gorode kukangoyera, kuti pofika 9 koloko mukhale mukumwa tiyi pamwamba. Lachinayi muzungulire kumtundako. Lachisanu mutsike m'mawa, mutapuma bwino. Gorode mwamukwera kamodzi, mwamutsika kamodzi, ndipo zonse ziwiri mwachita mutu uli bwinobwino.

Kuchigwa, njira imene ndimaikonda ndi yolowera kumpoto. Kuchokera pa Chitimba, mapiri amayamba kutalikirana ndi nyanja, ndipo dziko limatambalala mukamayandikira Hara ndi Uliwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Pamenepa mwalowa kale m'boma la Karonga, dziko la mpunga wa kilombero. Ku Hara kuli sikimu ya mpunga yothirira, ndipo ina ili ku Wovwe, kumpoto chakumtunda, kumene kulinso malo aang'ono opangira magetsi pa mtsinje wa Wovwe. M'masikimu amenewa ndi mmene njinga yanu idzasangalale: tinjira tadothi lolimba totsata ngalande zamadzi, topanda chitunda, mapiri a Nyika ali kumadzulo, nyanja ili kum'mawa, akakowa ali mbuu m'minda. Misewu yolowera ku Fulirwa ndi midzi ya m'tsinde mwa mapiri ili ndi mabampu aang'onoang'ono oti mumamva ngati mukupalasa pamwamba pa malata, komanso mchenga m'malo owolokera timitsinje touma. Mukafika pamchenga, ikani giya yofewa musanalowemo, musakhote handulo mwamphamvu, ndipo musasiye kupalasa. Mukaona kuti a kabaza adutsa m'mphepete, tsatani mzere wawo. Iwo amadziwa pamene pali polimba kuposa mapu aliwonse a pafoni.

Kumbukirani kuti m'sikimu ndi kuntchito kwa anthu. M'tinjiramo mumadutsa ngolo za ng'ombe, amayi osenza mitolo, ana opita kusukulu. Chepetsani liwiro, perekani moni. Kuno chiyankhulo ndi Chitumbuka, ndipo "monire" ndi "yewo" zimatsegula njira mwachangu kuposa belu. Mpunga woyanika pamphasa kapena m'mphepete mwa msewu muulambalale, musaupondetse. Pobwerera mukhoza kudzera ku doko la Chilumba, kumene sitima ya Ilala imatembenukira, mukadye nsomba ndi kondowole kenaka n'kubwerera ku Chitimba. Ulendo wonsewo, malinga ndi mmene mwazungulirira m'masikimu, umakwana bwino makilomita 60 kapena 70 amene munazolowera.

Chovuta chake n'chakuti simungapewe M1 kotheratu. Msewu umenewu ndi umene mathanki amafuta ndi mathiraki ochokera ku Dar es Salaam amadzera, ndipo m'malo ena m'mphepete mwa tala munadyeka. Yendani motsatana, osati mogundizana mapewa ndi mlamu wanu mukucheza. Valani zowala, yatsani getsi lofiira kumbuyo ngakhale masana, ndipo mukamva hutala ya thiraki kumbuyo pamene kutsogolo kukubweranso ina, tsikirani kufumbi osakangana nazo. Mdima usakupezeni pa M1.

Tsiku lachiwiri likhale lalifupi, poti mawa lake kuli phiri. Lowerani kum'mwera mpaka pa Chiweta, pamene M1 amasiya nyanja n'kuyamba kukwera. Pafupi pomwepo pali akasupe a madzi otentha, otentha zedi moti pamene akutulukira simungaviikepo dzanja. Kuchokera pa Chiweta pali msewu wadothi wotsata gombe kupita ku Mlowe, kumene mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja. Kuno mapiri amafika mpaka m'madzi, ndiye pali tizitunda tatifupi tamiyala, toyesera magiya ndi mabuleki anu Gorode asanafike. Ngati china chake chili cholakwika pa njinga, chidzaonekera pamenepa, mukadali ndi madzulo athunthu ochikonzera. Kupitirira Mlowe, kulowera ku Tcharo, ndi dziko la oyenda pansi ndi mabwato. Njinga kumeneko imasanduka katundu wosenza. Pamathiriro a mitsinje musasambe, ng'ona zimakonda pamenepo.

Kumtunda nako, musathamangire kuchoka m'tauni. Pitani ku Stone House, nyumba imene Dr Laws ankakhala, imene tsopano muli zinthu zakale za mishoni. Pakapinga pafupi ndi nyumbayo pali nkhani imene ndimafuna Mmalawi aliyense ataidziwa. Mu 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pachiopsezo, ndege inaponya uthenga wofunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kusamutsidwa. Iwo pamodzi ndi anzawo akuda anakana, ndipo anayala pansi zilembo zikuluzikulu zoti ndege iwerenge: Aefeso 2:14, vesi lonena za kugumula khoma lolekanitsa anthu. Lowaninso m'tchalitchi mukaone zenera lagalasi lojambulidwa David Livingstone nyanja ili kumbuyo kwake. Sukulu ya pano, Overtoun Institution, inaphunzitsa anthu amene anakagwedeza maiko ena, monga Clements Kadalie amene anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito ku South Africa mu 1919. Lero pamalopo pali University of Livingstonia, imene sinodi ya CCAP ya Livingstonia inatsegula mu 2003, ndiye mudzakumana ndi ophunzira ambiri m'misewu ya pakati pa nyumba zanjerwa zofiirazo. Zonsezi zimatheka madzulo a tsiku lokweralo, wapansi, miyendo ikupuma.

Tsiku lachinayi, yambirani ku mathithi a Manchewe, makilomita anayi kuchokera m'tauni. Madzi ake amagwa mamita 125, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga limene Aphoka ankabisalamo nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Njinga muisiye kumtunda ndi munthu wodalirika. Njira yotsikira kuphangako n'njoterera, ndipo nsapato zapanjinga zokhala ndi chitsulo kunsi sizoyenera. Kuchoka apo muli ndi zisankho ziwiri. Mukhoza kulowera ku phiri la Chombe, lathyathyathya pamwamba lija limaoneka mukakhala pa Chitimba. Njinga imakufikitsani pafupi, kotsalako n'kwa miyendo, ndipo ndi bwino kutenga mnyamata wa m'deralo akulondolereni. Kapena mutsate msewu wopita ku Njakwa, wolowera m'mapiri a Phoka. Gawo lalikulu la msewu umenewu lili ndi tala masiku ano, zimene zinapepuza moyo wa anthu a kuno kwambiri, ngakhale okonda fumbi ena amang'ung'udza. Fumbi lanu mulipeza m'misewu yopatuka, yokwera kumidzi ya alimi a khofi m'tsinde mwa Nyika. Dothi lake n'lofiira, zitunda zake n'zazifupi koma zoimirira, ndipo palibe malo athyathyathya oti mupumirepo. Makilomita 35 a kuno amatopetsa kuposa 60 a ku Malingunde, choncho musadzipatse mtunda wautali. Chenjeraninso ndi malole onyamula malasha ochokera ku mgodi wa Kaziwiziwi. Akamatsika atadzaza saima msanga.

Mwina wina akuuzani za ulendo wozungulira: kutsika ndi msewu wa Njakwa, makilomita oposa 70, kudutsa Nchenachena ndi Mhuju m'chigwa cha Henga, kenaka kubwerera pa M1 kudzera ku Bwengu ndi Phwezi, kutsika Chiweta, mpaka pa Chitimba. Ndi ulendo wabwino, wopitirira makilomita 150, ndipo panjira mukhoza kuima pa Kandewe kuona mlatho wansungwi wolenjekeka pa South Rukuru. Koma mbali yaikulu ndi tala, ndipo mtsetse wa Chiweta mumagawana ndi mathanki komanso anyani okhala pakati pa msewu. Kwa munthu amene wabwerera fumbi, ine sindiuika patsogolo. Chimodzimodzinso chigwa cha Nkhamanga, kuchokera ku Rumphi kudutsa Bolero, kwawo kwa a Chikulamayembe, mpaka ku Vwaza kapena ku chipata cha Thazima cholowera ku Nyika. Kumeneko ndiye kuli misewu yafumbi yaitali imene njinga yanu inapangidwira, koma n'kofunika masiku akeake, ndipo m'malo osungira nyama simulowa pa njinga popanda kuyamba mwafunsa akuluakulu a zanyama zakutchire. Musazithire zonse m'masiku asanu.

Tsopano mwezi. Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi yotentha kwambiri m'mbali mwa nyanja, ndipo chigwa cha Karonga chikatentha chimatentha zenizeni, kupitirira madigiri 35 masana. Kwa munthu womwa mankhwala a BP, zimenezi si zoseweretsa. Mukadandifunsa ine, ndikadati sunthani ulendowu ufike pakati pa Juni ndi Ogasiti, mwina mogwirizana ndi tchuthi cha pa 6 Julayi. Nthawi imeneyo misewu yauma, fumbi silinachuluke, Manchewe akadali ndi madzi ambiri, ndipo kumunsi kumakhala kofunda bwino. Zovuta zake ndi ziwiri zokha: usiku kumtunda kumazizira, ndipo mwera umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Tsiku lopita ku Hara mphepoyo idzakukankhani popita, mudzadziona ngati katswiri, koma pobwerera idzakhala pamphumi. Sungani mphamvu ndi chakudya cha ulendo wobwererawo. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, iwalani. Dothi lofiiralo limamatirira m'matayala mpaka njinga kukana kuyenda, ndipo Gorode amagumuka. Ngati tchuthi chanu n'cha Okutobala basi, ulendo sunafe, koma lamulo likhale lakuti mwayamba 5 koloko m'mawa ndipo pofika 10 koloko mwatsika panjinga. Kupatula Gorode, mitunda yonse ndatchulayi muidule ndi theka.

Matayala a mamilimita 38 akwanira kuchigwa. Pa Gorode n'ngoonda pang'ono. Ngati felemu ikulola, ikani a 42 kapena 45. Mpweya musadzaze gwa ngati mukupita patala. Kwa munthu wa makilogalamu 80 amene ali ndi machubu, pakati pa 35 ndi 40 psi (muyezo wa mpweya papampu) m'poyambira pabwino. Ngati ndi tubeless, matayala opanda chubu, mukhoza kutsikirapo pang'ono. Mukachepetsa kwambiri, mwala umapana chubu palimu n'kuboola mabowo awiri nthawi imodzi. Nyamulani machubu awiri aliyense, zigamba ndi guluu, kachidutswa ka tayala lakale kotsekera ngati tayala lang'ambika m'mbali, cholumikizira tcheni cha saizi ya tcheni yanu, mafuta a tcheni, ndi mabuleki apadera. Chifukwa chake n'chakuti amisiri okonza njinga alipo pafupifupi pamsika uliwonse, ndipo ena ndi aluso moti limu lopindika amaliwongola pansi pa mtengo wa mango mukuona, koma zipangizo zimene amasunga n'za njinga za kabaza ndi za mountain bike. Chubu cha njinga ngati yanu, cha saizi ya 700c ndi valavu yoonda ija, simudzachipeza pa Uliwa. Tenganinso kachitsulo kolumikizira valavu yanu ku pampu wamba. Chimodzi chimene anthu ambiri amaiwala ndi kachitsulo kamene kamagwira chosinthira magiya chakumbuyo ku felemu: njinga ikagwera kumanja kamapindika, ndipo njinga iliyonse ili ndi kakekake. Funafunani kapadera mukadali ku Lilongwe.

Madzi, konzekerani botolo limodzi lalikulu pa ola lililonse kukatentha, ndipo pa Gorode musanyamule ochepera malita awiri ndi theka. Mijigo ilipo m'midzi ya kuchigwa; madzi ena aliwonse thiranimo mankhwala. Chakudya sichivuta: nthochi, mandasi, chinangwa chophika, mtedza, tchipisi cha pachiwaya. Idyani pang'onopang'ono njala isanakupezeni. Ndalama tapirani ku Mzuzu, ndipo mukhale ndi zing'onozing'ono m'thumba, poti netiweki imasowa m'makwalala ena ndipo wa matola pakati pa phiri sadzadikira kuti Mpamba kapena Airtel Money idutse.

Nkhani ya BP ndiyo musaichite mongoganizira. Kutsala milungu itatu kapena inayi, pitani kwa dokotala amene amakuonani, mumuuze mosabisa kuti mukufuna kukwera phiri kwa maola atatu kotentha. Ena mwa mankhwala a BP ndi okodzetsa, ndipo pamodzi ndi thukuta amachotsa madzi ndi mchere m'thupi mofulumira. Ena amachedwetsa kugunda kwa mtima, moti ngati mumadalira wotchi yoyeza mtima, manambala ake akhoza kukunamizani. Mufunseni nthawi yabwino yomwera mankhwalawo, komanso ngati ORS ali woyenera kwa inu, poti muli mchere. Musasiye kapena kuchepetsa mankhwala panokha. Mapiritsi opha ululu a mtundu wa bufeni ndi diclofenac apeweni pamasiku amenewa, chifukwa thupi likauma amapweteka impso, makamaka kwa womwa mankhwala a BP. Zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zija nazonso zisiyeni.

Muli panjira, mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kunsagwada, kubanika kosagwirizana ndi chitunda, chizungulire, kapena maso kuchita mdima, tsikani pomwepo ndipo musayesenso kupitiriza. Mlamu wanu aimitse galimoto iliyonse. Mumuuziretu iyeyo kuti akaona mukuyankhula zosamveka, mukudzandira, kapena thukuta laleka kutuluka thupi lili moto, akuikeni pamthunzi, akuthireni madzi thupi lonse, n'kuthamangira nanu kuchipatala. Kumtunda kuli chipatala cha David Gordon Memorial m'tauni momwemo. Kumunsi kuli chipatala chaching'ono pa Chitimba ndi china ku Chilumba, ndipo zazikulu zili ku Karonga, ku Rumphi ndi ku Mzuzu. Mukagwa n'kumenyetsa mutu, ngakhale helimeti itakutetezani, kusanza, kuiwala kapena mutu wopweteka mowonjezereka n'zofunika dokotala tsiku lomwelo. Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala kukalandira katemera wa chiwewe, osadikira kubwerera ku Lilongwe. Onaninso ngati katemera wanu wa kafumbata akadali ndi mphamvu.

Kunyanja gonani m'neti. Mukabwerera kwanu n'kuyamba kumva kutentha thupi pakatha sabata imodzi kapena iwiri, musati ndi kutopa kwa ulendo, kayezetseni malungo. Ngati munasambira m'nyanja pamalo a bango ndi madzi odekha, patapita miyezi iwiri kapena itatu kayezetseni likodzo. Ndipo tsiku limene mudzapite ku Vwaza, dziwani kuti kuli akashembe, amene amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu ndiponso chinthu choyenda. Mukadzadwala pambuyo polumidwa, muuze dokotala kumene munali kuti ayezenso kaodzera.

Njinga ya mlamu wanu simunaitchule. Ngati ndi mountain bike, pa Gorode adzakusiyani, pokwera ndi potsika pomwe, ndipo musayese kumuthamangira potsikapo. Ngati sanazolowere mitunda ngati inu, masabata otsalawa mupite naye ku Dedza kapena ku Nkhoma kawiri katatu, mukapeze chitunda chachitali chamiyala, mukwere ndi kutsika mobwereza, njinga zitanyamula madzi ndi zida zonse zimene mudzatenge. Njinga zonse ziwiri zikaonedwe ndi mmisiri kutatsala milungu iwiri, osati dzulo lake la ulendo, kuti chimene wasintha muyambe mwachiyesa kufupi ndi kwanu.